Mlendo Akafika ku Thyolo, Timuonetse Ciani?

Abale athu a m'midzi, phunziro la mwezi uno liri la alendo, ndi la zimene mwini mudzi ayenera kuwaonetsa. Tiyamba ndi dziko lakutari, koma sitikhalitsako; tibwerera msanga kuno kwathu ku Thyolo.

Ku dziko la Greece kuli mzinda wakale dzina lace Athens, umene ife owerenga buku la Macitidwe tinauzolowera ndi dzina lakuti Atene. Pakati pa mzindawo pali citunda ca thanthwe cochedwa Acropolis, ndipo pamwamba pace paima mizati ya miyala yoyera ya kacisi wa Parthenon, amene Agriki anayamba kummanga m'caka ca 447 Kristu asanabadwe. Denga lace linagwa kale lomwe, ndi zosema zace zambiri anazitengera ku London. Koma anthu a mitundu yonse aoloka nyanja, nataya ndalama zao zambiri, kuti akaone miyala yoswekayo. Ndipo acuruka kotero kuti m'caka ca 2023 boma la kumeneko linaika malire, kuti asakwereko anthu oposa 20,000 pa tsiku limodzi. Akatsikako aima pa thanthwe lina lija pamene Paulo analankhula ndi anzeru a mzindawo. Atatero akhala pansi m'tinyumba ta zakudya, nadya nyama yoocha pa timitengo, ndi mkate, ndi zipatso za azitona.

Tsono taonani. Mwala wosweka uli mwala cabe, sunena kanthu. Cimene cimkoka mlendo ndico cakuti eni mudzi adziwa mbiri ya mwala uli wonse, anauimika ndani, anaugumula ndani, ndi caka cace. Ndipo sabisa ngakhale mbiri yowawa, ya nkhondo zimene anagonja nazo, ndi ya akapolo amene anagwira nao nchito yomangayo.

Ife tinacita manyazi tsiku lina. Anatifikira mlendo, mphunzitsi wocokera ku cigawo ca kumpoto, amene anali asanaone munda wa tiyi cibadwire. M'mawa tinaturuka naye, ndipo ataima pa mtunda anangoti kukamwa yasa, poona zitunda zonse zobiriwira monga ngati munthu anayalapo nsaru imodzi. Anatifunsa nati, Kodi anabzala zimenezi ndani, ndipo liti? Nanga tiyi asanabwere, panali ciani pano? Ife, obadwira pompano, amene amai athu anathyola tiyi kufikira msana unapindika, tinangoyankha kuti, Nza Azungu izi, nzakale. Mlendoyo sanaonjezepo mau, pakuti anali munthu waulemu. Koma ife usiku umenewo tulo sitinatione. Kuyambira pomwepo tinayamba kufunsa akuru ndi kuwerenga, ndipo zimene tinapeza ndizo tikugawirani pano, monga mwa njira imene mlendo ayenda pocokera ku Limbe.

Poyamba mumuuze nyengo yobwerera. Akafuna kuona tiyi ali pa ulemerero wace, ndi anthu ali pikitipikiti m'minda, abwere nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, pakuti tiyi wambiri wa caka conse athyoledwa m'miyezi imeneyo. Koma adziwe kuti miseu ya dothi lofiira iterera. Akafuna kuona kutari, abwere mvula itangoleka, utsi wa lupsa usanadzaze mlengalenga. Wobwera mu Juni ndi Julayi asaiwale cobvala ca mphepo. Alendo ambiri ayesa kuti Malawi yense ngwotentha, ndipo ciperoni ciwadzidzimutsa, ndiyo nkhungu ija yozizira ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ife tidandaula naco masiku atatu kapena anai dzuwa osaoneka, koma tiyi acikonda, pakuti cimsunga wamoyo m'miyezi yopanda mvula.

Ulendo wocokera ku Limbe kufika pa boma la Thyolo uli wa ola limodzi pa minibasi. Asapitirire pa Bvumbwe osatsika. Pa msika umenewo aona kabici, matimati, karoti ndi mbatata ziri miyulu, ndipo akalawira adzakumana ndi anyamata a njinga atanyamula zigubu za mkaka, pakuti boma lathu liri limodzi la maboma oweta ng'ombe za mkaka zambiri m'Malawi muno. Pafupi pomwepo pali malo a boma oyesera mbeu, amene anayamba ndi mitengo ya tung, imene mafuta ace anali kupangira utoto. Malonda a tung anagwa, ndipo m'malo mwace mwalowa mtedza wa makademiya, umene mlendo adzauona m'mizere yaitali pakati pa minda ya tiyi.

M'mbali mwa mseu womwewo muli Mwalawanthunzi. Kale apaulendo pofika pamenepo anali kutola kamwala, nagogoda pa mwala waukuruwo katatu, kuti ayende bwino ndi kukapeza cakudya kumene apita. Ndipo akuru asimba kuti okonza mseu anayesa kuusuntha, koma m'mawa anaupeza utabwerera pamalo pace. Ife sitiphunzitsa kuti mwala ungasunge munthu pa ulendo, mudziwa inu nokha. Koma sitinenanso kuti muubise kwa mlendo ngati cinthu camanyazi. Mwala umenewo uli mboni yakuti njira inalipo mseu usanalimidwe, ndi kuti anthu anali kuyenda, kukwatira ndi kusinthana malonda m'dziko lino Mzungu asanabzale mbande ndi imodzi yomwe. Mlendo akamva zimenezi poyamba, adzayang'ana minda ya tiyi ndi maso ena.

Tiyi si mtengo wa kuno. Kwao ndi ku China ndi ku Assam, dziko la India. M'caka ca 1878 mlimi wa pa mishoni ya Blantyre, Jonathan Duncan, anabwera ndi mbande za khofi ndi za tiyi kucokera ku Edinburgh. Khofi anapulumuka, koma tiyi anafa. Anayesanso m'zaka za m'ma 1880, ndipo mitengo iwiri inagwira pa mishoni pomwepo. Kwa imeneyo Henry Brown, amene analimapo khofi ku Ceylon, anatenga mbeu m'caka ca 1891, nakazibzala ku Mulanje. Kuno ku Thyolo, kumene Azungu analemba kuti Cholo, anayamba ndi khofi, ndipo khofi atalephera anagwira fodya. Tiyi anakwera zitunda zathu pang'ono pang'ono m'zaka zoyamba za 1900, nafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Njanji ndiyo inathandiza, ija inafika ku Blantyre m'caka ca 1908 podzera pa Luchenza, pakuti popanda iyo mabokosi a tiyi akadafika bwanji ku nyanja?

Mumtengere mlendo pafupi, agwire tsamba ndi dzanja lace. Mumuuze kuti citsamba ici cofika m'cuuno, mukacileka, cikula kukhala mtengo wautali woposa nyumba. Ndi anthu amene acidulira kuti cikhale cosalala pamwamba ngati gome, kuti dzanja lifike pali ponse. Wothyola satenga tsamba liri lonse. Afuna masamba awiri anthete ndi kansonga ka pakati pao, naponya m'dengu la kumsana osaceuka. Ndipo m'dzinja abwerera pa citsamba comweco patapita sabata limodzi kapena awiri. Aone mlendo m'mene manja onse awiri ayendera. Ayesenso yekha mphindi zisanu, ndipo adzadziwa kuti nchito imene ioneka ngati kusewera m'zithunzi iri yoswa msana. Masana madengu apita pa sikelo, kapitao alemba makilo a munthu ali yense, ndipo galimoto kapena thirakitala ithamanga nao masambawo ku fakitale asanatenthe.

Ku fakitale ndiko kuli cozizwitsa ceni ceni, ndipo mlendo wopempha cilolezo kwa eni ace aonetsedwa. Poyamba masamba ayalidwa m'zikwa zazitali, mphepo ya makina iombapo usiku wonse kufikira afota. Atafota alowa m'makina owadula ndi kuwanyenya tizidutswa ting'onoting'ono. Pamenepo tiyi akali wobiriwira, koma akamyala pa mpweya ola limodzi kapena awiri asanduka wofiira ngati mkuwa, nayamba kununkhira monga tiyi amene timdziwa. Akamcedwetsa aonongeka, akamfulumiza akhala wopanda mphamvu, ndipo apa ndipo paoneka luso la mmisiri. Atatero aumitsidwa ndi mpweya wamoto nasanduka wakuda, nasefedwa monga mwa kukula kwa tizidutswa tace. Nkhalango zija za bulugamu zimene mlendo aona pakati pa minda si zokometsera dziko iai, ndizo nkhuni za ng'anjo ya fakitale. Makilo anai kapena asanu a masamba aawisi aturutsa kilo imodzi yokha ya tiyi wouma. Wina agulitsidwa pa msika wa tiyi ku Limbe, ndipo wambiri apita kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain.

Minda iri ndi maina ace, ndipo mlendo adzawawerenga pa zikwangwani: Conforzi, dzina la banja la ku Italy, Naming'omba, Makandi, Nchima, ndi ina. Umene uzolowera kulandira alendo ndiwo Satemwa, pa tsinde la phiri la Thyolo, umene anauyamba Maclean Kay wa ku Scotland m'caka ca 1923. Nyumba ya banja lace, Huntingdon House, yomangidwa m'caka ca 1928, tsopano iri nyumba yogona alendo, ya khonde lalitali ndi maluwa ozungulira. Kumeneko aphunzitsa kulawa tiyi. Aika makapu m'mzere, wina wakuda, wina wobiriwira, wina woyera, ndipo onsewo acokera ku citsamba cimodzi. Kusiyana kwao kuli pa kathyoledwe ndi kakonzedwe. Wolawa atunga ndi supuni, napsontha mwaphokoso, nalabvula. Agogo athu akadaona akadati munthu uyu sanalangidwe, koma umo ndi momwe lilime lizindikirira tiyi wabwino. Mtengo wa usiku umodzi m'nyumba zotere si wa thumba la munthu wa kumudzi, koma kuyenda m'minda ndi kulawa tiyi nkotheka. Cinthu cimodzi musaiwale: minda iyi iri ndi eni ace, mupemphe pa cipata musanalowe.

Alendo ambiri alekera pomwepa. Amwa tiyi pa khonde, ajambula zithunzi, nabwerera kwao akuti Thyolo ndi munda wa Edene. Koma ife sitiyenera kulekera pamenepa, pakuti funso laciwiri la mphunzitsi uja likali ciimire.

Eni ace akale a dziko lino ndiwo Amang'anja. Dziko litalowa m'manja a Angerezi m'caka ca 1891, Harry Johnston anayamba m'caka cotsatira kupatsa Azungu makalata ochedwa Certificates of Claim, otsimikiza kuti malo amene anati anagula kwa mafumu ali aodi. Malo ambiri anagulidwa ndi nsaru, mikanda ndi mfuti, ndipo nkobvuta kukhulupirira kuti mfumu yolandira nsaruyo inamva kuti yagulitsa nthaka ya ana ace kufikira muyaya, pakuti mwa mwambo wathu nthaka siinali kugulitsidwa. Mmodzi wa otenga malo akuru kuno anali Eugene Sharrer, ndipo malo ace anapita kwa British Central Africa Company m'caka ca 1902. M'makalatamo munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe. Koma mudzi wa masiku aja unali kusamuka nthaka ikaguga, ndipo ukangosamuka citetezo cija cinatha. Ndipo obwera pambuyo sicinawakhudze konse.

Obwera pambuyowo ndiwo makolo a ambiri a ife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kufikira za m'ma 1930 Alhomwe anaoloka malire kucokera ku Mozambique, mabanja athunthu, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nchito yokakamiza ndi njala. Eni minda anawalandira ndi manja awiri, pakuti anasowa anchito m'dzinja, nthawi imene munthu ali yense afuna kulima munda wace. Anawapatsa pomanga ndi polima, koma malipiro a malowo anali nchito. Imeneyi ndiyo thangata. Taonani m'mene mau abwino anaipitsidwira! Kuthangata ndiko kuthandiza mnzako, monga anthu a mudzi umodzi acitira polimirana. Koma pa minda ya Azungu thangata inasanduka goli. Munthu anagwira mwezi wa malo ndi mwezi wa msonkho, ndipo mwezi wace unali wa masiku olembedwa pa tikiti, kotero kuti kapitao akakana kulemba tsiku, mweziwo unatalika. Boma nalo linakankhira komweko, pakuti kuyambira 1901 msonkho wa nyumba unali mashereni 6, koma wogwira mwezi kwa Mzungu analipira 3 okha. Wokana anagwetseredwa nyumba, nazuliridwa cimanga. Pamwamba pa izi anachedwa ndi dzina lonyoza lija lakuti Anguru, kufikira Lewis Bandawe ndi anzace, amene anayambitsa bungwe la Alhomwe m'caka ca 1943, anaumiriza boma kuti lileke kulilemba.

Madandaulo anakula kotero kuti m'caka ca 1946 boma linaitana Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo, ndipo iye analangiza kuti boma ligule malo osalimidwa ndi kukhazikapo anthu aufulu. Zinayenda pang'ono pang'ono. M'mwezi wa Ogasiti 1953, caka comwe Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakakamizidwa pa ife, ndi lendi ya malo itakwera, moto unabuka kuno ku Thyolo. Unayamba ndi kanthu kakang'ono, mlandu wa malalanje pa munda wina pafupi ndi Luchenza, ndi mbiri yowanda yakuti ogwidwawo aphedwa. Anthu anatseka miseu ndi mitengo, nadula mawaya a lamya, naleka nchito. Cipolowe cinafalikira ku maboma oyandikana, ndipo pomatha anthu akuda 11 anali atafa, ndi 72 atabvulala. Boma linagula malo ambiri m'zaka zotsatira, ndipo thangata inathetsedwa ndi lamulo m'caka ca 1962, Malawi atatsala zaka ziwiri kulandira ufulu.

Koma lamulo silikuza nthaka. Pa kalembera wa 2018 boma la Thyolo linapezeka ndi anthu oposa 700,000, ndipo mlendo wa maso adzaona yekha m'mene tikhalira: tsidya lino la khwawa tiyi wosalala kufikira kumene diso lilekeza, tsidya lija nyumba zothithikana ndi timinda ta cimanga topacikika pa matereti. Pakati pa 2004 ndi 2011 nchito ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja ngati 15,000 kupeza malo atsopano, ena a iwo ocokera ku Thyolo ndi Mulanje kunka ku Machinga ndi Mangochi. Ndani wa ife alibe mbale wace kumeneko? Tinenenso zoona za mbali inayo, pakuti mboni ya mbali imodzi siiri mboni. Minda yomweyi ilemba nchito anthu zikwi zambiri, iri ndi zipatala ndi masukulu, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 alimi ang'ono ang'ono a m'midzi alima tiyi wao wao nagulitsa ku mafakitale. Ana ambiri anaphunzira ndi ndalama ya tiyi, ndi ife olemba tiri m'gulu lomwelo.

Ponena izi kwa mlendo musakweze mau, ngakhale akhale Mzungu. Iye sanalembe makalata a Johnston. Mungomuuza monga zinacitikira, ndi zaka zace. Koma akaturutsa kamera kuti ajambule amai ali pa nchito, mumgwire dzanja mwaulemu, ayambe wapereka moni ndi kupempha. Amaiwo si maluwa a m'munda.

Tsono mukwere naye phiri la Thyolo, lotalika mamita 1,462. Akuru akumbukira pamene linali lakuda bii ndi nkhalango, mitsinje yace yosaphwa ngakhale m'cilimwe. M'zaka zozungulira 2000 nkhalangoyo inagwetsedwa pafupifupi yonse, anthu osowa polima nalowamo ndi nkhwangwa ndi makasu, ndipo kacigawo kamene katsala kali m'malo a Satemwa. Sitiweruza munthu wanjala. Koma tinene kuti dothi la pamenepo likutsika ndi mvula caka ndi caka, ndipo namondwe Freddy wa mu Marici 2023 anationetsa cimene phiri lamaliseche licita. M'kankhalango kotsalako mukhala kambalame kofiirira pamsana ndi koyera pakhosi, kokonda kutsata linthumbu kuti kadye tizirombo tothawa. Ophunzira za mbalame anakapatsa dzina la dziko lathu, Thyolo alethe, ndipo kapezeka m'mapiri owerengeka okha a kuno ndi a ku Mozambique. Alipo anthu ocokera ku Europe amene abwera cifukwa ca kambalame kameneka basi, naima m'mame m'bandakuca ndi magalasi ao; ndipo ife amene tiri naco dzina cimodzi ambiri sitinakaone.

Masiku akalola, mutsike naye ku Makwasa akaone Malamulo. Joseph Booth anayamba malowo m'caka ca 1900 ndi dzina lakuti Plainfield, ndipo m'caka ca 1902 anapita m'manja a mpingo wa Seventh-day Adventist. Mmodzi wa oyamba kuwayang'anira anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Dzina lakuti Malamulo linadza m'caka ca 1907. Cipatala cace cinachuka ndi kusamala akhate, masiku amene anthu anali kuwathawa, ndipo cikali kulandira odwala ndi kuphunzitsa anamwino. Wofuna za masiku ano apite ku Ndata, kumene kuli manda a Bingu wa Mutharika, mwana wa boma lino, amene analamulira Malawi kuyambira 2004 kufikira imfa yace mu Epulo 2012. Nyumba yoyera ya mandayo aichula Mpumulo wa Bata.

Tifike pa cakudya, pakuti mlendo wanjala saona kukongola kwa phiri. Pano pali colakwa cimene ambiri ticita: tithamangira ku golosale kukagula buledi ndi zakumwa za m'mabotolo, zimene mlendoyo anazisiya kwao, ndi kubisa mphika wathu kuseri. Agriki aja sacita manyazi ndi azitona ao. Mumphikire nandolo wamuwisi wongothyola kumene, wothira matimati, ndi nsima yotentha. Mumpatse makaka, cinangwa couma cija cimene cinasunga makolo athu m'zaka za njala, cophika pamodzi ndi nandolo. Mapeyala ali mbwee m'nyengo yace, ndi mbatata, ndi cigumu ca m'mawa. Ndipo akakhala mlendo wolemekezeka, mumphikire kalongonda. Apa tichenjeze ana a masiku ano amene sanaone agogo akuphika: kalongonda safuna wothamanga. Aphikidwa tsiku lonse, madzi ace akuda natayidwa kangapo, makoko nacotsedwa; wophikidwa mwacidule aledzeretsa ndi kuzunguza mutu. Mumuuze mlendo zimenezi ali kudya, kuti adziwe nkhuni ndi cipiriro zimene zalowa m'mbale yace.

Za nthoci tinena ndi cisoni. Kale dzina la Thyolo linali kumveka m'misika ya Blantyre ndi Lilongwe cifukwa ca nthoci, malole nanyamula mikoko usiku ndi usana kucokera ku Thekerani ndi midzi yozungulira. Matenda a cisaka, amene afalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba ndi mbande zodwala, anapululutsa minda yambiri, kufikira dziko lathu linayamba kugula nthoci za ku Tanzania ndi Mozambique. Alangizi anauza alimi kuzula zitsa zonse zodwala ndi kubzala mbande zoyera, ndipo ena amene anamvera ayambanso kukolola. Mukampatsa mlendo citumbuwa, mumsimbireko nkhani imeneyi.

Akabwera mu Okutobala, mumperekeze ku Chonde m'boma la Mulanje, kumene Mulhako wa Alhomwe asonkhana. Adzaona Tchopa, gule wa ng'oma zitatu amene amuna ndi akazi abvina mozungulira, atabereka mitolo ndi zikopa kumsana. Makolo anali kumbvina pothira nsembe za mvula ndi pothokoza zokolola, ndipo m'caka ca 2014 bungwe la UNESCO linamlemba m'kaundula wa cuma ca mitundu yonse ya anthu.

Mphunzitsi wa kumpoto uja anabweranso patapita zaka. Tinayenda naye njira yonseyi, ndipo madzulo tinaima pamwamba, kumene dziko ligwa mwadzidzidzi kunka ku cigwa ca Shire. Kumadzulo mtsinje unali kung'anima pakati pa minda ya nzimbe, kum'mawa phiri la Mulanje linaima ndi nsonga yace ya Sapitwa, mamita 3,002. Potsika analoza kagulu ka mitengo yacilengedwe kotsala pakati pa tiyi, nafunsa cifukwa cace sanakadule. Tinamuuza kuti m'malo ena timagulu totere ndi manda, ndipo pamene pali manda panali mudzi pafupi. Anatulutsa kabuku kace nafuna kulemba dzina la mudziwo.

Maina amenewo ali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo zikutha. Cifukwa cace tipempha inu nonse odziwa kulemba, aphunzitsi ndi akuru a mpingo makamaka: mwezi uno mukhale pansi ndi agogo a m'mudzi mwanu, muwafunse dzina la mudzi wakale, dzina la mfumu yace, mtsinje umene anali kumwa, ndi munda wa tiyi umene uli pamalopo lero. Mulembe pa pepala mooneka bwino, mupatse mphunzitsi wa sukulu ya kwanu, ndipo iye adzatifikitsira kuno ku mishoni.